Misozi ya m'sewero: mbiri ya method acting ndi colakwa cimene tinacita ku Tamanda

Ife amene tinakulira ku Tamanda ndi midzi yozungulira tinayamba kuona sewero m'chalichi. Pa Khirisimasi mnyamata wamtali koposa onse anali kuvekedwa citenje cofiira ndi cisoti ca katoni, n'kukhala Herode. Abusa anali kufunda masaka, ndipo nkhosa zao zinali tiana ta Sande sukulu tokwawa pansi uku tikulira mee. Palibe anatiuza kuti sewero lili ndi maphunziro ake. Tinali kungodziwa kuti uje amatha, uje satha. Wokhoza anali uja woseketsa anthu mpaka kugwira nthiti, kapena woliza amai a cigwirizano.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tinali anyamata ndi atsikana omaliza sukulu, ndipo tinapanga kagulu kathu ka masewero. Inali nthawi yoipa. Edzi inali italowa pafupifupi m'banja lililonse, ndipo sabata silinali kutha osamva mfuu ya maliro. Kucokera mu 1987, pamene a Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wao Masuzyo anamwalira ndi matendawa, masukulu ndi mipingo inali itayamba pang'onopang'ono kukamba za nkhaniyi, ndipo njira imene anthu anali kuimva bwino inali sewero. Lathu linali la mwana wamasiye amene acibale a atate wake anabwera kudzatenga zonse, ng'ombe, malata ndi mapoto omwe, ngakhale kuti lamulo la 1989 la cuma ca masiye linali litaletsa kale zotere.

Mbali ya mwana wamasiyeyo tinapatsa mtsikana wina wa zaka 14. Mau anali kuwadziwa onse, koma pofika poti alire anali kungophimba nkhope ndi citenje, mapewa n'kumagwedera ngati akuseka. Mmodzi wa ife, amene anali atakhalako ku Lusaka, anati anamva mmene akatswiri a mafilimu a ku America amacitira. Anamuitanira pambali nati, "Iwe, tseka maso. Kumbukira tsiku lija tinaika amako. Kumbukira dothi likugwera pabokosi." Amai ake anali atamwalira caka capitaco. Mtsikanayo analira kulira kweni-kweni, ife n'kuomba m'manja. Seweroli tinalionetsa kanai, ndipo kanai konse tinamuuza mau omwewo asanalowe pabwalo. Anthu anali kuponya ndalama. Ulendo wacisanu sanabwere. Anabwera ndi ambuya ake, ali ndi ndodo yao, natipeza pansi pa mtengo wa mango pamene tinali kuyeserera. Sanakweze mau. Anati, "Ana inu, maliro aja tinameta kale. Ndani wakutumani kukafukula manda? Mwanayu sakugona, sakudya." Tinasowa poyang'ana.

Panapita zaka tisanadziwe kuti cimene tinacitaco cili ndi dzina, method acting, kapena tinene kuti kanali kacidutswa kake kotola m'njira. Tinadzamvanso kuti mlandu umene ambuya aja anatizenga unali utazengedwa kale ku Moscow, ku Paris ndi ku New York, pakati pa eni ake a njirayi. Masiku ano ana athu akupanga mafilimu pa foni, ndipo magulu a masewero ali m'masukulu ndi m'mipingo ya Chipata yense. Ndi bwino mbiriyi tiidziwe, kuti wina asabwereze zathu zija.

Munthu amene anatopa ndi kunamizira

Konstantin Stanislavski anabadwira ku Moscow mu 1863, m'banja lolemera limene linali ndi fakitale ya ulusi wagolide. Masewero a m'masiku ake sanali kusiyana kwambiri ndi Herode wathu uja. Cikondi cinali ndi cizindikiro cake, kugwira pamtima. Cisoni cinali ndi cake, kugwira mutu. Mkwiyo unali kukuwa ndi kuponda pansi mwamphamvu. Mu 1897 iye anakumana ndi wolemba masewero Vladimir Nemirovich-Danchenko, nakambirana maola 18 za mmene angasinthire zimenezi, ndipo mu 1898 anatsegula Moscow Art Theatre. Nyumbayi inachuka ndi masewero a Anton Chekhov, mmene anthu amamwa tiyi ndi kukamba tinthu ting'onoting'ono pamene moyo wao ukugumuka. Sewero lotere silitheka ndi kukuwa.

Mu 1906, ali pachuthi ku Finland, Stanislavski anadziyang'ana yekha ndipo sanakondwere. Mbali ya Dokotala Stockmann, ya m'sewero la Henrik Ibsen, imene anali ataicita kambirimbiri, inali itasanduka cikopa copanda nyama. Thupi linali kuyenda lokha ngati ng'ombe za ngolo zimene zimadziwa njira ya kumunda mwini wake ali m'tulo. Funso lake linali lakuti: munthu angabwereze bwanji cinthu cimodzi usiku uliwonse, cikhalebe camoyo? Woimba ali ndi zoyeserera za tsiku ndi tsiku, wovina cimodzimodzi, koma wocita sewero anali kungodikira kuti mzimu umufikire. Anayamba kulemba zimene anali kuona, ndipo mu 1912, pamodzi ndi mnzake Leopold Sulerzhitsky, anatsegula kasukulu koyeseramo maganizo amenewa ndi acinyamata.

Coyamba cinali kumasula thupi. Iye anaona kuti minofu ikakungika, maganizo nawo amauma. M'buku lake akusimba za ophunzira amene anauzidwa kunyamula mbali imodzi ya piyano uku akuwerengera samu, ndipo onse analephera mpaka ataitula. Amene anakankhapo ngolo yotitimira m'matope akudziwa kuti si nthawi yowerengera ngongole ya fetereza. Caciwiri cinali kusunga maganizo pamalo amodzi. Wophunzira anali kuyamba ndi kabwalo kakang'ono, konga kuwala kwa nyali patebulo, n'kumakakulitsa pang'onopang'ono. Mantha a anthu oonerera akamugwira, abwerere ku kabwalo kaja. Cacitatu cinali mau akuti "cikhala". Safunika kudzinamiza kuti ndiwe Herode. Dzifunse kuti, cikhala ndine mfumu, n'kumva kuti kwabadwa mwana wodzandilanda mpando, ndikanatani usiku uno? Kuti funsoli ligwire nchito, uyenera kudziwa kuti ndiwe yani m'seweromo, uli kuti, ndi nthawi yanji, wacokera kuti, ndipo ukufuna ciani.

Funso lomalizali, la cimene ukufuna, ndilo mutu wa zonse. M'buku lomwelo muli nkhani ya mtsikana amene anauzidwa kufunafuna kaphini kamtengo wapatali kobayidwa pa katani. Iye anathamanga uku ndi uku, kugwira mutu, kudziguguda pacifuwa, koma kaphiniko sanakayang'ane n'komwe. Mphunzitsi anamuuza kuti akapanda kukapeza acotsedwa sukulu. Pamenepo anakhala cete, nayamba kusanthula nsaluyo khwinya ndi khwinya, ndipo onse oonerera anatong'ola maso. Poyamba anali kuonetsa anthu kuti akuvutika. Kaciwiri anali kufuna kaphini.

Pakati pa zida zimenezi panalinso cimene ife tinatola. Stanislavski anawerenga zolemba za Théodule Ribot, katswiri wa za maganizo wa ku France, amene anafotokoza kuti munthu amasunga m'mtima cimwemwe ndi zowawa zakale, ndipo kafungo kapena kamau kena kangathe kuziutsa. Tonse tikuzidziwa: fungo la dothi pa mvula yoyamba limatibweza kumunda wa ambuya. Iye anayesa kugwiritsa nchito zimenezi kuti wocita sewero autse cisoni cakecake. Koma ngakhale pa kasukulu kaja si onse anavomereza. Aphunzitsi a masewero amakonda kusimba za Michael Chekhov, mwana wa mkulu wake wa Anton, amene akuti tsiku lina anaonetsa maliro a atate wake mogwira mtima mpaka Stanislavski anamukumbatira, n'kudzamva pambuyo pake kuti atatewo anali moyo. Mnyamatayo anali atangoziona m'maganizo. Atakula n'kukhala mphunzitsi payekha, Chekhov anali kuletsa ophunzira ake kukumba zilonda zao.

Mmene njirayi inaolokera nyanja

Mu 1923 gulu la Moscow Art Theatre linakaonetsa masewero ku New York. Anthu sanali kumva Cirasha, koma anadabwa kuona kuti ngakhale wanchito woima kumbuyo, wopanda mau olankhula, anali munthu wamoyo. Awiri a gululi, Richard Boleslavsky ndi Maria Ouspenskaya, anakhazikika ku America nayamba kuphunzitsa pa American Laboratory Theatre. Zimene anali kuphunzitsa zinali za Stanislavski wa zaka zoyamba zija. Mmodzi wa ophunzira ao anali Lee Strasberg. Mu 1931 iye, Harold Clurman ndi Cheryl Crawford anayambitsa Group Theatre, natenga anthu 28 kupita nao kumudzi wina ku Connecticut kukayeserera nyengo yonse yotentha. Kumeneko Strasberg anatenga cida cimodzi cija, ca kukumbukira zowawa, n'kuciika kukhala mzati wa nyumba. Mu 1947 Elia Kazan, Cheryl Crawford ndi Robert Lewis anatsegula Actors Studio, ndipo kucokera mu 1951 Strasberg ndiye anali mkulu wa maphunziro kumeneko. Dzina lakuti Method linamamatira pa iye.

Tiyenera kumucitira cilungamo munthuyu, cifukwa maphunziro ake anali ndi makwerero. Wophunzira anali kuyamba ndi kukhala pampando wouma, kumasula khosi, nsagwada, mapewa ndi zala cimodzicimodzi, ndi kutulutsa mau akuya ngati kanthu kamutsamwa m'cifuwa. Kenako panali kapu ya cakumwa ca m'mawa. Kunyumba uziigwira kapu yeniyeni tsiku ndi tsiku, kumva kulemera kwake, kutentha kwake m'zala, nthunzi pamphuno, kukoma palilime. M'kalasi uzicita zomwezo m'manja mulibe kanthu, osati kuti anthu aone kapu, koma kuti zala zako ziikumbukire. Zikatheka izi unali kupita pa kumeta ndevu popanda lumo, kumva dzuwa pakhungu uli m'nyumba, kumva kuwawa kwa dzino. Panali phunziro la nyama: kukakhala nthawi yaitali ukupenyetsetsa nyama imodzi, mmene imapumira, pamene pali kulemera kwake, kenako kuitsanzira, n'kuiimiritsa pang'onopang'ono mpaka isanduke munthu woyenda ndi kakhalidwe ka nyamayo. Panalinso kucita pamaso pa anzako kanthu kamene umacita uli wekha, monga kuvina m'cipinda, kuti manyazi athe.

Kukumbukira zowawa kunali kubwera pambuyo pa zonsezi, ndipo kunali ndi malamulo. Strasberg anali kulangiza kuti cinthuco cikhale cakale, ca zaka 7 kapena kuposerapo, cimene cinapola. Wophunzira sanali kuuzidwa kuti asimbe nkhaniyo, kapena kuti alire. Anali kungofunsidwa za kunja kwake: unavala ciani, kunali kuzizira kapena kutentha, unali kumva fungo lanji, pansi panali potani. Ndipo awa anali anthu akuluakulu odzisankhira okha nchitoyi. Tikaika zathu zija pambali pa izi, manyazi amatigwira. Mwana wa zaka 14, maliro a caka cimodzi, popanda kumukonzekeretsa, popanda womufunsa pambuyo pake kuti uli bwanji. Ngakhale Strasberg, amene ambiri amati anapitirira muyeso, akanatikalipira.

Mkangano wa 1934

M'gulu la Group Theatre munali mai wina, Stella Adler, wobadwira m'banja la ocita masewero, amene anayamba kuonekera pabwalo ali kamwana. Njira ya Strasberg inamulanda cimwemwe ca nchito yake. Mu 1934 anapeza Stanislavski ku Paris, ali wokalamba ndi wodwala mtima, namuuza mosabisa kuti njira yake yamudetsa sewero. Mkuluyo anakhala naye milungu isanu akuyeserera mbali imodzi. Cimene Adler anapeza n'cakuti mwini njirayo anali atasuntha kale. Tsopano anali kuphunzitsa kuti uyambe ndi zocita ndi mmene zinthu zilili m'sewero, mtima udzatsatira. Kukumba zakale kukhale kothawirako zina zonse zikakanika. Adler atabwerera ku New York anafotokozera gulu lonse. Strasberg sanagonje, ndipo mu 1937 anacoka m'gululo. Awiriwa sanagwirizanenso pa nkhaniyi mpaka imfa.

Adler anatsegula sukulu yake. Iye anali kunena kuti moyo wa munthu mmodzi ndi waung'ono, sungakwane mafumu, akapolo ndi zigawenga zonse zimene adzasewera. Cofunika ndi kukulitsa maso ndi maganizo: kupenya anthu m'misika, kuwerenga za nthawi imene seweroli likunena, kudziwa cimene munthu wako amadya ndi cimene amaopa. Wophunzira wake wochuka ndi Marlon Brando, amene anagwedeza New York mu 1947 ndi sewero la A Streetcar Named Desire. Pali nkhani imene imasimbidwa ya m'kalasi mwake. Akuti Adler anauza ophunzira kuti akhale nkhuku pamene bomba lili pafupi kugwa. Onse anabalalika akulira kokoliko, koma Brando anangokhala phee pakona ngati thadzi lofungatira mazira. Atafunsidwa anati nkhuku siidziwa bomba. Aliyense woweta nkhuku angavomereze.

Winanso wa gulu lomwelo, Sanford Meisner, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa Neighborhood Playhouse, anaona vuto lina: munthu wotanganidwa ndi za m'mtima mwake samva mnzake. Anapanga phunziro losavuta. Anthu awiri akhala moyang'anana. Wina anena cimene akuona, monga "wavala malaya ofiira". Mnzake abwereza, "ndavala malaya ofiira". Apitiriza conco, mau omwewo, mpaka kanthu kasinthe pankhope ya wina, ndipo mau asinthe nako: "ukuseka", "ndikuseka", "wakwiya". Ukamayang'ana mnzako motere ulibe mpata wodzimvera wekha, ndipo mkwiyo kapena kuseka kumabwera kosaitanidwa.

Cinanso cinasokoneza anthu ndi mabuku. Buku loyamba la Stanislavski lonena za maphunzirowa, An Actor Prepares, linatuluka m'Cingerezi mu 1936, ndipo limakamba za m'kati mwa munthu. Iye anamwalira mu 1938. Laciwiri, Building a Character, lokamba za thupi, mau ndi kayendedwe, linatuluka mu 1949. Kwa zaka 13 owerenga Cingerezi anali ndi theka la nkhani, n'kumayesa ndi yonse. M'zaka zake zomaliza mkuluyo anali kuuza ophunzira kuti aimirire, asiye kukhala patebulo, ayale mndandanda wa zocita zing'onozing'ono: kulowa, kutseka citseko, kufuna kalata, kuibisa. Anali atapeza kuti thupi likacita zoona, mtima suchedwa kukhulupirira.

Zimene timamva za akatswiri a mafilimu

Masiku ano mau akuti method acting amachulidwa kwambiri pa nkhani zododometsa. Robert De Niro, amene anaphunzira kwa Adler, anayendetsa takisi m'misewu ya New York pokonzekera Taxi Driver ya 1976, ndipo ananenepa makilo pafupifupi 27 cifukwa ca Raging Bull ya 1980. Daniel Day-Lewis anakhala pa njinga ya olumala ngakhale pa nthawi yopuma pojambula My Left Foot ya 1989. Forest Whitaker anapita ku Uganda, naphunzira Ciswahili ndi kuceza ndi anthu amene anali kumudziwa Idi Amin, ndipo mbali imeneyo inamupatsa mphoto ya Oscar mu 2007. Pafupi ndi kwathu, tsidya la malire ku Kasungu, Chiwetel Ejiofor anajambula The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba, ndipo anaphunzira Cicewa kuti asewere atate a mnyamatayo. Ife eni cilankhulo timamva kuti lilime ndi la mlendo, koma khama lake timaliona.

Tikapenyetsetsa, zambiri mwa izi si kukumba zilonda. Ndi kuphunzira nchito ya munthu, cilankhulo cake ndi kayendedwe kake. Ndi nchito ya maso, makutu ndi thupi. Ndipo nchito imeneyo kwathu kuno si yacilendo.

Zimene zinali kale pakhomo pathu

Gule wamkulu si sewero, ndipo za kudambwe sizikambidwa pano. Tingokamba zimene aliyense amaona pabwalo, kaya pamaliro a mfumu kaya pa Kulamba ku Mkaika, ku Katete, mwezi wa August. Cadzunda akamalowa, ukalamba wake uli m'ciuno ndi m'mawondo, ndipo umaudziwa ali patali. Simoni, wa nkhope yofiira, ndi mzungu amene makolo athu anamupenyetsetsa mpaka kumugwira kayendedwe. Maliya ali ndi manyazi ake ndi matama ake. Njovu imalemera, Kasiyamaliro amayenda mwaulemu. Phunziro la nyama lija la ku New York likanapeza aphunzitsi kuno. Pamene UNESCO inalemekeza gule mu 2005, inali kuvomereza cimene midzi inali kudziwa kale. Koma cacikulu cimene tikuphunzirapo n'cakuti cilombo cikatha kuvina cimabwerera kumene cinacokera. Sicigona m'mudzi. Makolo anadziwa kuti cinthu camphamvu cikaitanidwa pabwalo ciyenera kukhala ndi njira yobwererera. Maliro nawo ali ndi potsekera pake, kumeta kuja anatikumbutsa ambuya. Ife tinatsegula kanai osatseka.

Amene anakula ndi wailesi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 akukumbukira a Julius Chongo ndi pulogalamu yao ya Poceza m'Madzulo pa Radio Zambia. Munthu mmodzi anali kukhala nkhalamba, mtsikana, mfumu, kalulu ndi fisi, ndipo womvera sanali kusokonezeka kuti akulankhula ndani. Ernst Wendland anasonkhanitsa zina mwa nthano zao n'kuzisindikiza m'buku. Luso lotere limacokera m'makutu: kumvetsera mmene wamantha amamezera mate, mmene wabodza amafulumirira, mmene apongozi amazungulira nkhani. Ana nawonso amaliyamba okha kumasanje, pamene kamtsikana ka zaka zisanu kamakalipira "mwamuna wake" ndi mau enieni a amai ake. A Mapopa Mtonga, mphunzitsi wa pa Yunivesite ya Zambia amenenso anali katswiri wa masewero, anathera zaka zambiri akufufuza gule wamkulu ndi masewera a ana, poona kuti sukulu yathu yoyamba ya sewero ili mmenemo.

Mbiri ya masewero a dziko lathu inatsata njira yomweyi. Pa nthawi ya atsamunda nyumba zamasewero za m'matauni, monga Lusaka Playhouse, zinali za azungu ndi masewero a kwao. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Michael Etherton ndi ophunzira a pa yunivesite anayambitsa Chikwakwa Theatre, bwalo la panja limene anamanga ndi manja ao, n'kulicha dzina la cikwakwa comwetera udzu. A Kabwe Kasoma analemba Black Mamba, sewero la nkhondo yomenyera ufulu. M'zaka za m'ma 1970 magulu a Chikwakwa anali kuyenda m'zigawo, kuno kum'mawa komwe, akupanga masewero m'zilankhulo za anthu, ndi nyimbo ndi magule a pamalopo, kawirikawiri popanda mau olembedwa. Mu 1979 ku Chalimbana kunacitika msonkhano wophunzitsa sewero la citukuko: kupita m'midzi, kumvetsera mavuto a anthu, kupanga sewero, kulionetsa kwa eni ake, n'kukambirana. Kagulu kathu ka ku Tamanda kanali mdzukulu wa nchito imeneyo osadziwa. Tinalandira mwambo woyamba ndi kumvetsera anthu, koma ife tinathamangira misozi. Safunsa anadya phula.

Tikanacita bwanji

Lero tikapatsidwa sewero lomwe lija, sitingamuuze mwana kuti alire. Tingamupatse nchito. Acibale ali pakhomo akuwerenga katundu, ndipo iwe uli ndi mphindi ziwiri kuti ubise mphika umodzi umene amai a m'seweroli anali kuphikira ndiwo. Uubisa kuti? M'nkhokwe aonamo. Pansi pa mphasa uonekera. Atate aang'ono akubwera. Mwana wofunadi pobisa mphika safunika kukumbutsidwa manda, ndipo oonerera adzalira okha ngakhale iye asagwetse msozi. Tingayambe tsiku lililonse ndi kumasula thupi, kupenya mbuzi kapena nkhuku ya pakhomo, kumwa tiyi wa m'kapu yopanda kanthu, ndi kukhala awiriawiri kubwerezana mau. Zonsezi sizifuna ndalama kapena magetsi. Ndipo sewero likatha tingavule zovala zake pamodzi, kuimba nyimbo, kuitana aliyense ndi dzina lake lenileni, kuti munthu wa m'sewero atsale pabwalo, mwana apite kwao ali yekha.

Aphunzitsi, atsogoleri a acinyamata m'mipingo ndi inu opanga mafilimu a pa foni, musanapatse mwana mbali ya maliro, ya kugwiriridwa kapena ya nkhanza za m'banja, yambani mwadziwa cimene cili kwao. M'kalasi iliyonse muli amene nkhaniyo si sewero. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Ife tinapita kukapepesa kwa ambuya aja titanyamula nkhuku. Anailandira, natiuza kuti tikhale pansi tidye nsima. Mtsikanayo anabwerera m'gulu patapita miyezi, koma anakana mbali ya mwana wamasiye. Anasankha kukhala atate aakazi olanda katundu. Anatha sabata akutsatira mai wina wogulitsa tomato pamsika, kuphunzira mmene amamangira citenje ndi mmene amalozera ndi mlomo. Tsiku la sewero, atangolowa pabwalo n'kuyamba kugogoda mapoto kuti amve olimba, anthu anagwa nako kuseka, kenako anakhala cete, cifukwa aliyense anali atamuonapo munthu ameneyo pamaliro ena. Ambuya ake anali pamphasa ya kutsogolo, ndipo madzulo ake anapita naye kunyumba akuseka onse awiri.